Kalekeni ku Nyumba ya Malamulo

Ku Chisemphere, kumene minda ya fodya imakathera pa nkhalango ya nyama, munthu amalima diso lina lili pamzere, lina lili kutchire. Feteleza wa makuponi atabwera, chimanga chidayamba kubereka ngati chili pampikisano, ndipo anthu adathokoza boma. Njovu nazo zidathokoza. Zidasiya makungwa a mitengo n'kuyamba kudzadya nawo sabuside, osalembetsa, osaima pamzere. Waya amene kale ankazitchinga adali atatha: wina adadyedwa ndi dzimbiri, wina anthu adakatchera misampha, wina mpaka lero akuyanikapo zovala.

Mwamuna wa Dorika, Kalekeni, adafa chaka chimenecho nthawi ya dowe. Adali mlimi wa fodya wosachuluka zonena, woti ukamupatsa moni amayankha khasu lili m'mwamba. Munda wake udali womaliza, wogundana ndi nkhalango, choncho adamangako msanja n'kumagona komweko ndi chitini cha mafuta ophikira ndi kamtengo koimbira. Usiku umene adafa anthu kumudzi adamva chitini chikulira mwaukali, kenako chidangoti zii. Kutacha adamupeza m'mizere ya chimanga, njovu zitamupondaponda. Chitinicho chidali pambali pake, chitaphwatalala ngati tsamba la fodya lotuluka m'belo.

Pamaliro padabwera phungu wa deralo, Olemekezeka a Wilkins. Dzina la makolo awo tilisiye, makolowo sadalakwe kanthu. Adali munthu wa mawu okoma, woti akayamba kulankhula ngakhale mbuzi zimasiya kudya. Adavula jekete, adanyamula nawo bokosi pang'ono pomwe anthu ankaona, ndipo kumanda adapempha kuti amuonetse chitini chija. Adachikweza m'mwamba, mawu akunjenjemera.

“Anthu akwathu, ichi ndicho chida chimene dziko lino lidapatsa bambo awa kuti alimbane ndi njovu! Ndikupita nacho ku Nyumba ya Malamulo. Ndikachiika patebulo pamaso pa nduna, ndipo dzina la a Kalekeni mudzalimva nokha pa wailesi. Nkhani ya chitetezo chanu ndaisenza ine. Waya abwerera!”

Dorika sankafuna kupereka chitinicho. Chidali chinthu chomaliza chimene mwamuna wake adagwira, ndipo chidali ndi kachingwe ka waya kamene iye adapinda yekha kuti azikolowekera pamsanja. Koma ukanize bwanji munthu wolemekezeka amene walira nawe? Adachipereka ndi manja awiri.

Dorika adali wa chitengwa. Kwawo kudali ku Nkhamenya, kumene kudali munda wa malemu mayi ake, ndipo amene ankauyang'anira adali mlongo wake wamkulu, Yobu. Mwambo wa kumeta utatha, Yobu adayamba kukwera njinga kubwera ku Chisemphere, ndipo nkhani yake idali imodzi yokha.

“Dorika, tiye kwathu. Munda wa amayi ndakusungira, koma msuweni wathu Tsoka akundivutitsa tsiku ndi tsiku. Abale agwirizana kuti nazale zisanayambe ndikhale nditayankha. Ukabwera ndi wako. Ukapanda kubwera ndi wa Tsoka.”

“Achimwene, munda uwu tidazula zitsa ndi manja athu, ine ndi malemu. Ndiusiyire njovu? Olemekezeka adanena kuti waya abwerera.”

“Olemekezeka! Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mlongo wanga, wa pachala ngwa mphepo. Munda wa amayi uli pamphuno. Wayayo wamuona?”

Mtima wa Dorika udali utagawanika. Kuchoka kudali ngati kumusiya Kalekeni yekha m'mizere muja kachiwiri. Kukhala popanda waya kudali kudikira tsiku lake, chifukwa pamsanja paja payenera kukhala munthu, ndipo ana ake adali aang'ono. Choncho ankangoti, “Ndidikire kaye ndimve za ku Nyumba ya Malamulo.”

Tsiku lidafika m'mwezi wa Juni, mphepo ikulowa m'mafupa. Wailesi idalengeza m'mawa, m'Chichewa chomveka bwino, kuti aphungu akambirana za chitetezo, misonkho ndi maulendo a pandege. Za misonkho ndi ndegezo zidalowera khutu ili n'kutulukira linali. Anthu adagwira mawu oyambawo, chifukwa ku Chisemphere mawu oti chitetezo ali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo tanthauzolo lili ndi chitamba. Mwayi wake, Yobu adali atafika dzulo lake kudzatenga yankho lomaliza.

Anthu adasonkhana m'chigafa cha malemu Kalekeni, mmene amayi ankasankha fodya wotsala. Koma mukudziwa mmene zilili, aphungu timawasankha m'Chichewa, iwo n'kukatiyankhulira m'Chingerezi. Padafunika womasulira. Adakaitana Vitumbiko, wa zaumoyo wochokera kumpoto, amene tsikulo adabwera kudzachita sikelo ya ana. Adali bambo waulemu, wofatsa, ndipo anthu ankangomutcha adokotala ngakhale kuti ntchito yake idali katemera ndi zimbudzi. Adabwera ndi wailesi yake n'kuikhazika pamwamba pa belo.

Chingerezi chidayamba kuyenda. Vitumbiko ankatchera khutu n'kumatapako pang'onopang'ono.

“Akuti msonkho wa matikiti a ndege zopita ku Lusaka, ku Harare ndi ku Joni wakwera kwambiri. Akufuna uchotsedwe kuti anthu aziyenda mosavuta.”

“Anthu ake ati?” adafunsa mayi wina, fodya ali pamiyendo. “Matikitiwo amagulitsa pa golosale iti, ndikagule anga?”

Anthu adaseka. Vitumbiko adakweza dzanja.

“Tsopano alowa za chitetezo. Akuti pafunika ndege yoyendera malire a dziko. Ndalama zake akuti azidula pa belo lililonse la fodya ku okushoni.”

Abambo adang'ung'udza. Yobu adayang'ana mlongo wake. “Wamva? Chitetezo chawocho n'cha mumlengalenga. Njovu zako zili ndi mapiko?”

Dorika adangowerama n'kumasalaza tsamba limodzi lomwelo pabondo. Kenako pa wailesi padamveka mawu a mayi, akuthwa, othamanga. Nkhope ya Vitumbiko idawala.

“Khalani chete! Uyu ndi phungu wa kummwera. Akunena za njovu! Akuti anthu akufa ku Kasungu, ndalama zina za ndegezo zipite ku waya.”

Onse adasendera pafupi ndi wailesi. Ndipo pomwepo padatuluka mawu amene aliyense ankawadziwa, mawu okoma aja a kumanda. “Mista Sipika,” adatero a Wilkins, kenako Chingerezi chidasefukira, chokwera, chotsika, chozungulira. Dorika sadatolepo kanthu. Adangogwira pamtima. Ndiye pakati pa chiyankhulo chachilendocho padagwa liwu limodzi lakwawo, loyera, lomveka ngati belu la kutchalitchi.

“Kalekeni!”

Kanthawi pang'ono, lidabweranso mokweza. “Kalekeni!”

Ndipo Nyumba yonse idaphulika, aphungu akumenya matebulo. Wina akadatchera khutu bwino mwina akadamva kuti m'chiphokosomo mudali phwete. Koma ndani akadamva? Nthungululu zidang'amba chigafa. Amayi adataya fodya n'kuyamba kuvina, abambo akugwirana chanza. Dorika adagwa chogwada, misozi ili chuchuchu. Kuyambira tsiku la maliro adali asadalire chotero. Mwamuna wake, munthu amene sadafikepo ngakhale ku Lilongwe, dzina lake lidalowa m'nyumba ya akuluakulu, ndipo akuluakuluwo adalimenyera matebulo.

Atapuma, Dorika adafunsa motsitsa, “Koma bwanji sadanene kuti a Kalekeni? Angowatchula ngati mwana.”

“Chingerezi chilibe ulemu umenewo,” adayankha bambo wina amene adagwirapo ntchito ku esiteti ya mzungu. “Ngakhale bishopu amangomutchula dzina.”

Yobu sadavine nawo. Adatembenukira kwa womasulira. “Adokotala, tiuzeni bwino. Akuti chiyani kwenikweni?”

Vitumbiko adayang'ana Dorika ali chigwadire, amayi atamukumbatira. Adayang'ana pansi, nsapato yake ikupalasa dothi. “Enya, adada,” adatero. “Mawuwo anenadi.” Kenako adati mabatire akutha, adazimitsa wailesi, adati ana akumudikira kusikelo, n'kukwera njinga yake osatsanzika bwino. Palibe amene adadabwa. Anthu a zaumoyo amakhala othamanga.

Yobu adavula chipewa. Adali munthu wouma mutu koma wosabisa akagonja. “Ndinamunyoza munthu uja. Lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, koma uyu lake walisunga. Ndiye ndikamuuze chiyani Tsoka?”

“Mpatseni.”

“Ganiza bwino, Dorika. Munda ukaperekedwa pamaso pa abale subwerera. Tsoka akangokhoma chikhomo, basi.”

“Mpatseni, achimwene. Mwamva nokha. Ine ndikhala pano ndi ana, tidikire waya.”

Yobu adapita, ndipo adachita monga adauzidwira. Mwezi usadathe, mbiri idafika yoti Tsoka wadula kale mitengo ya chigafa ndipo wamanga m'munda muja. Dorika sadadandaule. Tsiku lililonse ankayang'ana kumsewu ngati kukubwera lole ya mizati. Juni adatha, Julayi adapita, mphepo idasanduka fumbi, anthu adayamba kufesa nazale kudambo. Iye ankangodziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, za boma zimayenda ndi mapepala.

Atamva kuti Olemekezeka ali kunyumba kwawo ku Boma, adaganiza kuti n'kupanda mwambo kungokhala osakathokoza. Adagwira thadzi lake loikira, lokhalo lonenepa, adalimanga miyendo, adavala chitenje cha kumvano n'kukwera matola kupita ku Kasungu.

Nyumba ya a Wilkins idali ndi mpanda wa njerwa, pamwamba pake pali waya wamagetsi wonyezimira. Dorika adauyang'ana n'kuganiza kuti mwina wa ku Chisemphere adzakhala wotere. Mayi wantchito, dzina lake Ezelina, amene ankasesa pabwalo, adalandira nkhukuyo n'kumulozera pakhonde kuti adikire. Adati abwana ali pa changu, akuthamangira ndege ku Lilongwe, akupita ku Lusaka ku msonkhano wa za chitetezo.

Posakhalitsa a Wilkins adatuluka, suti ili phuliphuli, dalaivala akukoka chikwama kumbuyo. Dorika adagwada pamasitepe.

“Olemekezeka, ndachokera ku Chisemphere. Ndabwera kudzathokoza. Tinamva pa wailesi tsiku lija, mudzi wonse. Mmene munati Kalekeni, tonse tinaimirira.”

A Wilkins adaima. Nkhope yawo idatseguka ngati ya mwana amene wayamikiridwa kusukulu. Adaseka mpaka kugwira pamimba.

“Aaa, mayi, inunso munaimva imene ija? Mpaka ku Chisemphere? Iii, Nyumba yonse inafa ndi phwete! Ngakhale a nduna anandigwira chanza pakhomo.” Adatembenukira kwa dalaivala. “Wamva iwe? Yafika mpaka kumudzi!”

Dorika adamwetulira nawo, koma kumwetulirako kudatha msanga. Phwete? Pa dzina la munthu wakufa?

“Mukudziwa, mayi,” adapitiriza a Wilkins, atayiwala za changu chawo, “mayi uja wa kummwera ndi wa chipani chotsutsa. Amafuna kutisokoneza. Ife tikukamba zazikulu, malire a dziko, ndege, misonkho, iye n'kutulukira ndi nkhani ya waya wa njovu, m'dera langa lomwe, kuti andichititse manyazi. Ndiye ndinamuyankha m'Chingerezi chabwino ndithu. Ndinati, Mista Sipika, pamene akuluakulu akukamba za chitetezo cha dziko, kankhani kakang'ono ka mpanda aka, kwathu ku Kasungu tili ndi mawu ake amodzi. Ndiye ndinaponya Chichewacho: kalekeni! Ndinabwerezanso, kalekeni! Mayi uja anangokhala pansi. Nkhani inathera pomwepo.”

Dorika adamva mawu onse, limodzi limodzi, koma adatenga nthawi kuti afike pamtima. Kalekeni. Kankhaniko kalekeni, kasiyeni. Ndiye chifukwa chake padalibe ulemu wa “a”. Sichidali Chingerezi ayi. Padalibe munthu woti alemekezedwe.

“Nanga waya?” adafunsa, mawu akutuluka ngati a wina.

“Waya ndi za m'tsogolo, mayi. Boma lili ndi zambiri. Pakadali pano muziimba zitini, njovu zimaopa phokoso.”

Dorika adadzuka. Sadapemphe chilolezo, adangoimirira, maso ake n'kulingana ndi a Olemekezeka.

“Kalekeni ndi amuna anga.”

A Wilkins adaphethira. Kumwetulira kudatsala pankhope kopanda mwini. Zidaoneka kuti akufufuza m'mutu, m'maliro onse amene adapitako chaka chimenecho, m'mabokosi onse amene adanyamulako pang'ono.

“Aa, inde, inde. Pepani kwambiri. Aja a ngozi ya thirakitala aja?”

“A njovu.”

“Eya, a njovu, ndimafuna kunena choncho. Mayi, nkhani imeneyo ili pamtima panga. Tidzakhala pansi ndikabwera ku Lusaka.” Adayang'ana wotchi. “Ezelina, awa uwapatse tiyi.”

Chitseko cha galimoto chidatsekeka, geti idatseguka, fumbi lidatsala.

Dorika adakhala pasitepe. Kunamizidwa kumapweteka, koma apa chomupweteka kwambiri chidali china. Munthuyu sadamunamize n'komwe tsiku lija. Adapha nkhani ya waya poyera, dziko lonse likumva, adaipha ndi dzina la mwamuna wake osadziwa kuti ndi dzina, ndipo iye, Dorika, adagwada m'chigafa n'kumalira ndi chimwemwe. Adavinira kukanidwa kwake. Manyazi adamuotcha kumaso ngati aliyense mu Kasungu akumuloza chala.

Kenako adakumbuka Vitumbiko, nsapato ija ikupalasa dothi. “Mawuwo anenadi.” Mawu, osati dzina. Adamva zonse munthu uja, adaona Yobu akuvula chipewa, n'kusankha kuthawira kusikelo. Mwina adamva chisoni, adaopa kudula nthungululu za namfedwa. Koma chisoni chake chija chidamudyera munda. Phungu adamugwiritsa fuwa la moto, ndipo wachifundo adangoyang'ana akupsa. Dorika sadadziwe amene angamukwiyire koposa.

Ku Nkhamenya tsopano kudali chigafa cha Tsoka pamene mayi ake ankabzala nthochi. Akapita akalira, Yobu adzangoti, ndinakufunsa kawiri. Ndipo adzakhala akunena zoona. Kudalibenso kwina. Kudatsala munda womaliza uja, wogundana ndi nkhalango.

Tiyi sadamudikire. Adadzuka kuti azipita, ndipo podutsa pabwalo adamva kukwecha kwa chitsulo pasimenti. Ezelina adali atasonkhanitsa masamba ndi makoko a nthochi pakona, akukankhira ndi tsache pa kachitsulo kophwatalala. Atapita kukatenga dengu, adakasiya pansi. Dorika adaima. Utoto udali utasuluka, m'mphepete mudali mutapindidwa kuti zinyalala zisamagwe, koma kachingwe ka waya kadalipo, kopindidwa kawiri n'kupotedwa kumapeto monga Kalekeni ankapindira chilichonse.

Chitini chija ku Nyumba ya Malamulo sichidafikeko. Ulendo wake udathera pano, kuseri kwa khitchini.

Adawerama, adakhuthula zinyalalazo pansi n'kuchinyamula. Ezelina adatulukira ndi dengu, ndipo ataona mlendo atagwira chida chake cha ntchito adafuula, osati mwachipongwe, koma monga munthu woopa kukalipiridwa.

“Mayi, kachitiniko kalekeni! N'kowolera zinyalala.”

Dorika adamuyang'ana. Chitinicho sadachibweze pansi.

“Ndi omwewa, mwana wanga,” adatero. “Ndadzawatenga.”

Ezelina adamupatukira, dengu lili m'manja. Dorika adapukuta chitinicho ndi nsonga ya chitenje, mbali iyi ndi inayo, adachikulunga n'kuchipanira m'khwapa. Nkhuku sadaifunse. Adatuluka pageti, pansi pa waya wonyezimira uja, n'kulunjika kokwerera matola.

Podutsa pamsika adaima pa bambo wina wogulitsa mabotolo ndi zitini zakale. Adatola chimodzi, adachigogoda ndi chala, adachibweza. Adatola china n'kuchigogodanso, khutu lili pafupi. Ankafuna cholira kwambiri, choti chikamveke mpaka kumudzi, chifukwa mvula idali pafupi, ndipo msanja uja tsopano udali wake.